Scrambler ndi matope a makande

Anyamata a Fomu 3 ndi Fomu 4 mwatisokosa nazo zithunzi za njinga yamoto yotchedwa scrambler. Ikangokwana nthawi ya buleki, kuseri kwa kalasi kumadzaza mitu yowerama pa foni imodzi (sinditchula mayina, paja aphunzitsi amawerenganso bolodi lino). Kwa inu amene simunaione, ndi njinga yopangidwa lero koma yovekedwa ngati ya nthawi ya agogo: nyali imodzi yozungulira, mpando wafulati wooneka ngati chikopa, mahandulo otambalala, ekizozi yokwera m'mbali mpaka kufupi ndi mpando, ndi mateyala a mano. Kukongola ndiye ndi yokongola, sindikana. Mkangano wanu uli pawiri. Ena mukuti njinga imeneyi ingadutse paliponse kuno kwa Maseya, mumchenga ndi m'matope momwe. Ena mukuti njinga iliyonse ya kabaza, ukangoidula apa ndi apo, isanduka scrambler.

Ine nkhaniyi ikundikhudza kuposa inu, chifukwa fizi yanga imachokera pa njinga yamoto. Achimwene anga ndi a kabaza. Anadula nzimbe nyengo zitatu kuti aigule, ndipo sopo, mchere ndi makope anga zonse zimatuluka pa mpando wa njingayo. Tsono zithunzi zanuzo zinawapeza nawonso. Tsiku lina madzulo anangoti, "Mawa ndikupita nayo kwa owotcherera ku Dyeratu, akadule kumbuyoku, kaliyala achotse, aike kampando kafupi." Amayi anasiya kupeta n'kufunsa kuti, "Nanga thumba la chimanga muzidzalisenza pamutu uku mukuyendetsa?" Ulendo wa ku Dyeratu unaima kaye, koma mkangano sunathe, ndipo n'chifukwa chake ndinayamba kufunsafunsa kwa amakaniko ndi kuwerenga pa intaneti.

Dzina loti scrambler linachokera ku England. M'chaka cha 1924, ku Camberley kunachitika mpikisano wa njinga zamoto m'tchire, mopanda msewu, ndipo mipikisano yotereyi anaitcha scramble. Nthawi imeneyo kunalibe njinga zopangidwira m'tchire. Munthu ankatenga njinga yake ya pamsewu, n'kuchotsa chilichonse cholemera, n'kukweza ekizozi kuti isamenye miyala, n'kuika mateyala ogwira dothi. Makampani anachita kutsatira m'mbuyo. Mu 1962 Honda inatulutsa CL72 Scrambler, ndipo chaka chomwecho Dave Ekins ndi Bill Robertson Jr anayenda pa njinga zimenezi kuchokera ku Tijuana mpaka ku La Paz m'chipululu cha Baja ku Mexico. Ducati ya ku Italy nayo inayamba kupanga Scrambler yake mu 1962. Apa muone kuti anthu amenewa sankasintha njinga kuti ajambulitse. Njira ndi imene inkawauza choti achotse ndi choti awonjezere.

Zimene mukuonetsana pa fonizo ndi zidzukulu zake. Triumph inabweretsanso dzinali mu 2006, Ducati mu 2015, ndipo ogula ambiri ndi anthu a m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America amene amafuna maonekedwe akale koma akuyenda pa tala. Ducati Scrambler ya injini ya 803cc imalemera makilogalamu oposa 180, ndipo Triumph Scrambler 1200 imapitirira 200. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga, aise. Ikakugwera m'matope uli wekha, udikira anthu ochokera kudimba adzakuthandize kuidzutsa. Njinga za kabaza zimene timazidziwa sizifika ngakhale 140.

Tiyeni tiibweretse kuno tione. Dera lathu lili ndi adani atatu a njinga: mchenga, makande ndi madzi. Mchenga ngati wa mumtsinje wa Mwanza umameza teyala lakutsogolo. Njinga yolemera imamira msanga, ndipo ukangochita mantha n'kuchepetsa moto, mahandulo amayamba kudziyendetsa okha. A kabaza odziwa amachepetsako mpweya m'mateyala, amakhala chakumbuyo, n'kudutsa pa giya yachiwiri osasiya moto. Njinga zenizeni za m'tchire zimakhala ndi teyala lakutsogolo lalikulu, la mainchesi 21, kuti lizikwera pamwamba pa mchenga ndi maenje m'malo mogweramo. Ducati ija lake ndi la mainchesi 18, ndipo mashoko ake amasewera masentimita 15 okha. Triumph 1200 XE ili ndi la 21 ndi mashoko a masentimita 25, ndiye iyoyo tisainamizire, ingayeseko.

Makande ndiye nkhani ina, ndipo apa mpamene ndikufuna tichedwe. Nonse mumadziwa mmene dothi lakudali limachitira mvula ikagwa: umachoka kunyumba ndi nsapato ziwiri, kufika kusukulu wavala zidina. Pa njinga limachitanso chimodzimodzi. Limamatirira pa teyala, teyala likazungulira limatolanso lina, mpaka mpata wa pakati pa teyala ndi madigadi udzaze. Likatero teyala lakutsogolo limangoima njinga ikuyenda, ndipo munthu amapezeka pansi osadziwa chamugwetsa. N'chifukwa chake mu Januwale mumaona a kabaza ataima m'mbali mwa minda ya nzimbe ya Kasinthula akutokosa madigadi ndi kamtengo. Mankhwala ake ndi osavuta: kukweza madigadi akutsogolo kuti akhale pamwamba, kutali ndi teyala. Tsono yang'aninso zithunzi zanuzo. Ma scrambler ambiri amakono ali ndi timadigadi tifupitifupi tomata pa teyala, chifukwa n'tokongola choncho. M'makande njinga yotero singafike ngakhale pa mjigo. Mano a teyala nawo akakhala oyandikana kwambiri amadzaza matope, teyala n'kusalala ngati sopo. Ofunika ndi mano otalikirana, oti azitaya matope akamazungulira.

Za madzi, ambiri mukuloza ekizozi yokwera ija kuti ndi umboni woti njinga ingawoloke. Makaniko wina anandiseka nditanena zimenezi. Anati injini ikamalira, ekizozi imakankha madzi yokha. Chimene chimapha njinga ndi madzi akalowa kumene injini imapumira, ku eyakilina, kapena akanyowetsa pulagi ndi mawaya. Madzi akalowa mu silinda, pisitoni singawapanikize ngati mpweya, ndiye china chake chimapindika mkatimo. Komanso tisanamizane, madzi amene tinawaona mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, pomwe msewu wa M1 unaduka kuno ku Chikwawa ndipo damu la Kapichira linawonongeka, kapena a Freddy mu Malichi 2023, palibe njinga ya mtundu uliwonse yowolokapo. Amenewo ndi a bwato. Ndipo ekizozi yokwera ili ndi vuto lake pa kabaza: imadutsa pomwe pamakhala mwendo wa kasitomala. Mayi wovala chitenje, wobereka mwana, mumutsitsa ndi bala pa katumba, ndipo sadzakukweraninso.

Nanga funso lachiwiri, loti njinga ya kabaza ingasinthidwe? Apa ndiye ndili kumbali yanu, mwina kuposa mmene mukuganizira. Injini zambiri za njinga zochokera ku China zimene zili pa siteji zinatengera Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 ndipo inapangidwira maiko onga athu ano, kumene oyilo sasinthidwa pa nthawi yake ndipo njinga imanyamula banja lonse. Ili ndi kabureta, siifuna kompyuta, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo ku Nchalo amaimasula n'kuibwezera tsiku lomwelo. Zipangizo zake zili m'timashopu tapafupi, zikasowa zimapezeka ku Limbe. Yesani kufunsa pisitoni ya Triumph ku Dyeratu muone mmene akuyang'anireni. Njinga yoyenera kuisintha ndi imene ukalakwitsa ungathe kuikonza, ndiye pamenepa ya kabaza yapambana.

Koma kusintha kulipo kuwiri. Kumene ndinawauza achimwene kuti ndikugwirizana nako ndi uku: madigadi okwera, teyala la mano otalikirana makamaka lakumbuyo, chitsulo chophwatalala pansi pa injini choteteza ku miyala ndi zitsa, ndi mashoko olimba. Sipuloketi yakumbuyo ikakulako ndi mano awiri kapena atatu, njinga imakoka bwino mumchenga ndi pa katundu, ngakhale kuti pa tala imalira kwambiri, liwiro limatsika ndipo petulo amatha msanga. Mateyala a mano nawonso amadyeka msanga pa tala ndipo amaterera tala akanyowa, ndiye amene ntchito yake ndi Dyeratu–Nchalo basi aganize kawiri.

Kumene ndinakana ndi kudula fulemu ndi kuchotsa kaliyala. Chitsulo chakumbuyocho ndi chimene chimasenza kasitomala, zigubu, mbuzi ya pa msika, ngakhale wodwala ndi womugwirira popita kuchipatala usiku. Ukachidula n'kuwotcherera, pamene pawotchereredwapo mpamene pamadzathyoka, ndipo sipachenjeza. Chinanso chimene ndimachiona pa zithunzizo ndi kuchotsa bokosi la eyakilina n'kuika kasefa kakang'ono kapoyera. Ku London mwina zimatheka. Kuno mu Okutobala, kutentha kukudutsa madigiri 40, fumbi la mathirakitala a nzimbe lili tolotolo, kasefa koteroko n'chimodzimodzi kuthira mchenga mu injini ndi supuni. Ndipo amene mukufuna kupala penti yonse, nambala ya fulemu musaikhudze. Pa rodibuloko apolisi sadzamva zoti munkafuna sitayilo, adzangoti ndi yakuba.

Chimene chimandiseketsa n'choti njinga yoyenera dera lathu timaiona kawirikawiri koma palibe amene amaijambula. Ndikunena Yamaha AG, ija amayendera alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Inayamba ndi AG100 mu 1973, yopangidwira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand. Madigadi ali m'mwamba, tcheni chili m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye, makaliyala alipo kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zoteteza zala pa mahandulo, ndi zoimikira mbali zonse ziwiri kuti uime paliponse pamene nthaka yalola. Giya yoyamba ndi yotsika moti ungayende limodzi ndi ng'ombe. Ndi yonyansa ngati khasu, ndipo ikadutsa pa sukulu pano palibe mnyamata amene amatembenuka.

Achimwene mpaka pano sanagonje kwenikweni. Madigadi anakweza, teyala lakumbuyo anasintha, kaliyala akadalipo, koma mpando anaukutira ndi chikopa chofiirira ndipo akuti nyali yozungulira ayigula nzimbe zikayamba kudulidwa. Amayi akuti za nyalizo alibe nazo mawu bola iziwala, koma ayambe agula chisoti chachiwiri cha kasitomala.

Amene mukutsutsa, makamaka inu a kuseri kwa kalasi, lembani lanu mukhome pansi pa langali. Langali musang'ambe, pepala ndachita kupempha ku ofesi.