Nyerere za m'Nkhalango ya ku Iquitos

Kutali ku dziko la Peru, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Amazon, kuli mzinda wotchedwa Iquitos. Mlendo wochokera ku mizinda ina ikuluikulu amafikako pa bwato kapena pa ndege, pakuti nkhalango yauzinga ponseponse.

M'nkhalangomo muli mitengo yotalika mamita 30 ndi kuposa, ndipo chaka ndi chaka madzi amasefukira pansi pake miyezi ingapo. Kachirombo kakagwa kuchokera kunsonga, nsomba zikalandira. Kakagwera pouma, adani ali pomwepo.

Koma taonani nyerere yakuda yopanda mapiko, dzina lake Cephalotes atratus. Katswiri wina, Stephen Yanoviak, atakwera m'mitengoyo kukafufuza za udzudzu, anasasa nyererezi pa nthambi, nazizwa poona kuti zinakhota m'malere ndi kukakangamira pa thunthu. Iye ndi anzake analemba zimenezi m'chaka cha 2005. Mwa nyerere 100 zogwetsedwa, pafupifupi 85 zinabwerera pa mtengo wao.

Machitidwe ake ndi awa. Nyerere ikagwa itambasula miyendo, nipenya thunthu loyera pakati pa mdima wa masamba. Pamenepo itembenuka, mimba patsogolo, mutu pambuyo, niwongolera ulendo ndi miyendo yakumbuyo, monga mwini bwato achitira ndi nkhafi. Zimene anazipaka utoto m'maso zinaphonya mtengo, zinagwa pansi.

Yopenyayo ikagwira khungwa sichedwa: iyamba kukwera, kubwerera kwa anzake kumwamba.