Mbaula ya ku Migodi

Boma la Chitipa lili kunsonga ya kumpoto kwa Malawi, pamene malire a dziko lino akumana ndi a Tanzania ndi a Zambia. Kale linkatchedwa Fort Hill. Dzikolo ndi lokwera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo yozizira imalowa m'nyumba ngakhale zitseko zili chitsekere. Chifukwa cha ichi moto kumeneko suli wophikira nsima pokha ayi. Moto ndiwo chofunda cha banja lonse.

Kufupi ndi msika wa pa bomapo kuli mkulu wina wosula malata. Anthu satchula dzina lake. Amangoti a Fundi, ndiwo mawu a Chiswahili otanthauza mmisiri. Ntchito imene imawadyetsa ndi yopanga ndowa ndi mbaula zatsopano. Koma ntchito imene ili pamtima pawo ndi ina. Kuseri kwa chisakasa chawo anaunjikako mbaula zakale, simbi za makala ndi nyali zagalasi zimene eni ake anazitaya. Akapeza mpata amakonza chimodzichimodzi, ndipo lamulo lawo ndi ili: chinthu chakale chikonzedwe ndi chitsulo cha nthawi yake, ndiponso mwa njira imene mwini wochipanga anachipangira.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, anthu ali pakati pa kukolola, kunafika mayi wina wa ku Kameme atasenza katundu wokulunga m'thumba. Atalonjerana, mayiyo anamasula thumbalo. Munali mbaula yozungulira ngati mphika waukulu, ya miyendo itatu, yokhala ndi mabowo m'mbali ndi chivundikiro pamwamba. Dzimbiri linali litaifiiritsa yonse. Mwendo umodzi unali utachoka, chigwiriro cha chivundikiro chinali chitapsa, ndipo pansi pake panali chigamba cha lata chimene chinali chitabooka.

"Bambo," anatero mayiyo, "iyi ndi mbaula ya malemu bambo anga. Anabwera nayo kuchokera ku Mufulira m'chaka cha 1963. Mwana wanga wamwamuna akuti tiigulitse kwa anthu ogula zitsulo zakutha, pakuti ndi yolemera ndipo pa sikelo idzatipatsa ndalama ya sopo. Ine mtima ukukana. Kodi ingathe kukhalanso mbaula?"

Nkhani ya mayiyu siili yachilendo ku Chitipa. M'masiku a Atsamunda ntchito yolipidwa inali yosowa m'bomali, koma msonkho unali kufunika chaka ndi chaka. Chotero amuna ambiri ananka kutali. Ena anapita ku migodi ya golide ya ku Lupa, m'dziko la Tanganyika, m'zaka za m'ma 1930. Ena analowera ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, monga Mufulira, Nkana ndi Nchanga. Enanso anatengedwa ndi Wenela kunka ku Joni. Pobwera kwawo ankadza ndi njinga, mabulangete, makina osokera, ndipo ena ankadza ndi mbaula. M'makomboni a ku migodi ya mkuwa makala ndiwo anali nkhuni za anthu, ndipo mbaula, imene Abemba amati imbabula, inali m'nyumba zambiri. Kumudzi anthu anali kuphika pa mafuwa atatu, choncho mbaula inali chizindikiro cha munthu amene anayenda.

A Fundi anaitembenuza mbaulayo, naigogoda ndi nyundo yaing'ono, namvetsera kulira kwake. Kenaka analoza chigamba chija nafunsa kuti, "Mayi, anaika ichi ndani?"

"Ndi mnyamata wina wowotcherera zitsulo. Sichinathe ngakhale chaka chimodzi."

"Sichikanatha," anayankha a Fundi. "Onani kuchindikala kwa chitsulo cha mbaulayi, muonenso kupyapyala kwa lata ili. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Chopyapyala chimatentha msanga, chochindikala chimachedwa. Tsono mukazimata pamodzi zimakokana tsiku ndi tsiku kufikira msoko ung'ambika. Amene anapanga mbaulayi sanawotcherere malo ndi amodzi omwe. Analumikiza ndi maliveti."

Liveti ndi kachitsulo kakafupi konga msomali wopanda nsonga. Mmisiri amaboola zitsulo ziwiri, nalowetsa liveti pabowo, ndipo amaiphwanya mutu ndi nyundo kufikira zitsulozo zitagwirana zolimba. Ubwino wake ndi uwu: mbali ina ikatha, munthu angathe kudula liveti, kuchotsa chakuthacho, ndi kuikapo china popanda kuwononga mbaula yonse. Wopanga mbaula ija anali kuganizira munthu amene adzaikonza iye atafa kale.

A Fundi anavomera ntchitoyo, koma anachenjeza mayiyo kuti asafulumire. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukhoma sikuvuta. Chovuta ndi kupeza chitsulo choyenera."

Anafunafuna masabata atatu. Migolo imene anaipeza pamsika inali yopyapyala, ndipo anaikana yonse. Potsiriza anamva za agogo ena amene anali ndi mgolo wakale wosungiramo madzi, umene unali utayamba kudontha m'mbali. Anapitako pa njinga, nagogoda pansi pa mgolowo, namva kuti chitsulo chake chinali chochindikala ngati cha mbaula ija. Anapereka ndowa ziwiri zatsopano, natenga mgolowo. Agogowo anaseka, poganiza kuti mkuluyo wanyengedwa.

Ntchito inayamba ndi kupala dzimbiri ndi mchenga ndiponso bulashi lawaya. Kenaka anadula chigamba chija ndi kuwongola m'mphepete. Pansi pa mgolo anadulapo chitsulo chozungulira, nachiboola mabowo ofanana ndi amene anatsala pa chakale, pakuti mabowo akachepa moto umazima, akachuluka makala amagwa asanapse. Mwendo watsopano anaupinda poyang'ana miyendo iwiri yotsalayo. Maliveti anawadula ku misomali ikuluikulu, nawakhomera pa chidutswa cha njanji chimene chili chosulira chawo. Chigwiriro cha chivundikiro anachisema ku mwendo wa mpando wothyoka wa mlombwa. Sanadule mtengo wamoyo. Pomaliza anaipaka mafuta ophikira, naitenthetsa pang'ono, ndipo mbaulayo inada bii monga inalili kale.

Pa ntchito yonseyi anali kuthandizidwa ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa ku sekondale. Poyamba mnyamatayo anali kunyinyirika. Anati, "Agogo, nthawi imene mwathera pa mbaula imodziyi mukanapanga zatsopano makumi awiri." Koma tsiku lina anabwera ndi foni, nawaonetsa zithunzi za anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya amene amachita ntchito yonga yomweyi. Kumeneko kuli mbaula yowotchera nyama yotchedwa Weber. Anaiyamba ndi George Stephen mu 1952, pamene anali kugwira ntchito pa Weber Brothers Metal Works ku Chicago. Anatenga chimpira chachitsulo chimene chimayandama pamadzi kulangiza zombo njira, nachidula pakati. Theka lina linakhala mbale ya makala, lina chivundikiro, ndipo anaikako miyendo itatu. Lero alipo anthu amene amasonkhanitsa mbaula zakale za mtundu umenewu. Amafunafuna zigwiriro zamtengo, mawilo ndi mbale za phulusa za zaka zomwezo, ndipo safuna kuika chigwiriro chapulasitiki pa mbaula imene inabadwa ndi chamtengo.

A Fundi anayang'anitsitsa zithunzizo, nati, "Kodi nawonso ali ndi matenda anga? Koma iwo akuchita chifukwa chuma chawachulukira. Ife kuno tiyenera kuchita chifukwa tilibe chotaya."

Kenaka anauza mdzukuluyo chimene chinali kuwasowetsa tulo. Makolo a kumpoto kuno anali kudziwa kuyenga chitsulo kuchokera ku miyala. Pa mapiri a Nyika mabwinja a ng'anjo zawo akuonekabe mpaka lero. Koma pamene makasu a kusitolo anafika, anyamata analeka kukhala pambali pa akulu, ndipo nzeruyo inalowa m'manda. Ng'anjo zilipo, koma woziyatsa palibe. "Ndikakonza mbaula yakale," anatero a Fundi, "ndimakhala ngati ndikuwerenga kalata ya mmisiri amene sindinamuone. Ndimaona pamene anamenya, pamene anapinda, ndi chifukwa chake. Ndikamata ndi lata wamba, ndafufuta kalatayo." Kuyambira tsikulo mnyamatayo anapempha kuti liveti yomaliza akhome yekha. Ziwiri anazipinda, yachitatu inagwira.

Mayi uja atabwera, anakhala chete nthawi yaitali akusisita chivundikiro. Kenaka anati, "Mawa lomwe ndiyamba kuphikirapo nyemba."

"Iyayi, Mayi," anatero a Fundi. "Pamenepo ndikukanizani. Mbaula iyi ndi yolimba, koma ndi yadyera. Chitsulo chopanda dothi chimataya kutentha m'mbali, ndipo thumba la makala silichedwa kutha. Pamene bambo anu ankabwera nayo, mitengo inali kufika kuseri kwa nyumba. Lero muone kumene ana anu akukatola nkhuni."

Mawu amenewa anali oona. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi anali kuphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la Nkhalango la 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 linakonzedwanso kuti zilango zikule. Ku Chitipa kuli nkhalango zotetezedwa za Mughese, Wilindi ndi Matipa m'mapiri a Misuku, ndiponso ya m'mapiri a Mafinga. M'mapiri otere ndimo mumachokera mitsinje, ndipo mitengo ikatha madzi nawo amachepa. Mbaula ya dothi m'kati, imene inayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, imasunga kutentha ndipo imadya makala ochepa. Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi lokha, imaphika ndi tinkhuni tochepa, zitsononkho kapena mapesi.

Chotero a Fundi analangiza mayiyo kuti nyemba ndi nsima ya masiku onse aziphika pa mbaula yadothi. Ya ku migodiyo aziiyatsa pa masiku osankhika, kukazizira kwambiri kapena kukabwera alendo. Anawauzanso kuti moto ukazima azichotsa phulusa, pakuti phulusa lonyowa ndilo limadya chitsulo koposa moto, ndi kuti asamaisiye pa mame. Ndipo anawonjeza mawu akulu: asagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wa makala sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Mtengo wa ntchitoyo unali woposa wa mbaula yatsopano. Mayiyo analipira theka ndi ndalama, theka ndi nyemba za m'munda mwake, ndipo sanadandaule.

Pa usiku wina wozizira wa mu Juni, mbaula ija inayatsidwa pakhonde ku Kameme. Anawotchapo mbatata ndi chimanga, atavundikira monga malemu aja ankachitira. Adzukulu anafunsa kuti Mufulira ndi kuti, ndipo mayiyo anayamba kusimba za bambo ake: m'mene anachokera pamudzi ali mnyamata, m'mene ankatsikira pansi pa nthaka, ndi m'mene anabwerera atamangirira mbaulayo kumbuyo kwa njinga. Mwana wamwamuna uja, amene anafuna kuiyeza pa sikelo, anali pomwepo akuwotha manja. Moto utazima, iye ndiye anadzuka, nakataya phulusa, naiika mbaulayo pamalo ouma.