Agogo Athu, Mapiritsi Awo ndi Swaumu



M'makomo mwathu ambiri, okalamba ndi amene amaukonda kwambiri mwezi wa Ramadhan. Anayamba kumanga ife tisanabadwe, ndipo ndi iwo anatiphunzitsa kudzuka pa dakwi. N'chifukwa chake funso lakuti kodi chaka chino amange kapena ayi limatilemera pakamwa. Komatu ndife ana ndi adzukulu amene timawasungira mapiritsi ndi kuwaperekeza ku chipatala, choncho funsoli sitingalithawe.

Zaka zobadwa pazokha sizitiuza zambiri. Alipo a zaka 80 amene akulimabe munda wawo, pomwe ena a zaka 65 sangadzuke pampando osagwira khoma. Chimene madokotala amayang'ana ndi kufooka kwa thupi. M'chaka cha 2001, Linda Fried ndi anzake ku America anatchula zizindikiro zisanu: kuwonda popanda chifukwa, kutopa kosatha, kuchepa mphamvu m'manja, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusiya ntchito zomwe munthu ankagwira. Amene ali ndi zitatu kapena kuposa amawerengedwa wofooka. Izi timatha kuziona tokha pakhomo. Mkanjo wa agogo wayamba kuwakulira, botolo akulephera kulitsegula, ulendo wa ku mzikiti wa mphindi 10 tsopano ukuwatengera theka la ola.

Thupi lotere silichedwa kugonja. Impso za wokalamba zimachedwa kuchotsa mankhwala m'magazi, ndipo ludzu salimva msanga ngakhale madzi atachepa m'thupi. Kwathu kuno swaumu imafika maola 13 kapena 14, ndipo mankhwala amene ankawathandiza pamene akudya katatu patsiku atha kuwavulaza m'mimba muli mopanda kanthu.

Glibenclamide, amene ambiri a matenda a shuga amalandira, amagwira ntchito nthawi yaitali, moti atha kutsitsa shuga kwambiri masana. Wachinyamata amanjenjemera n'kutuluka thukuta, koma wokalamba mwina amangosokonezeka mutu kapena kugona tulo tosadzuka msanga, apakhomo n'kumati ndi kutopa kwa swaumu. Hydrochlorothiazide wa BP amakodzetsa, ndiye akamwedwa pa dakwi amachotsa madzi amene sangabwezedwe mpaka Magharibi. Zikatero agogo amachita chizungulire poweramuka pa sijida, n'kugwa, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo ambiri sayendanso ngati kale. Brufen ndi diclofenac, amene amagulidwa mosavuta miyendo ikamawawa, amapweteka impso zosowa madzi komanso amayambitsa zilonda za m'mimba. Palinso chizolowezi chophatikiza mapiritsi a m'mawa ndi a masana n'kumwera limodzi pofutulu, kapena kuwasiyiratu mwezi wonse. Zonse ziwiri n'zoopsa.

Bungwe la International Diabetes Federation, mogwirizana ndi la DAR loona za shuga ndi Ramadhan, limalangiza odwala shuga kuonana ndi dokotala milungu 6 mpaka 8 swaumu isanayambe, komwe ndi m'mwezi wa Rajab. Ngati mwezi wayamba kale, tipitebe mawa. Tinyamule buku la kuchipatala ndi mankhwala onse m'jumbo imodzi, ogula tokha ndi azitsamba omwe, ndipo tiwauze adokotala mosabisa kuti agogo akufuna kumanga. Kusintha nthawi kapena mlingo wa mankhwala ndi ntchito ya adokotala. Malangizo omwewo amati shuga akatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina ena, womanga amasule nthawi yomweyo. Ma ulama ambiri amati kudzibaya chala poyeza shuga sikumasulitsa swaumu.

Chovuta kwenikweni ndi mtima wa agogowo. Kwa munthu amene wamanga zaka 60, kumwa madzi masana a Ramadhan kumaoneka ngati kubwerera m'mbuyo pa deen. Apa tiwakumbutse mwaulemu kuti mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah Subhanahu wa Ta'ala anapereka chilolezo kwa wodwala, ndipo anaika fidya kwa amene swaumu yamukulira. Ibn Abbas, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti izi zikukhudza nkhalamba yaimuna ndi yaikazi imene singathe kumanga, ndipo idyetse wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Chilolezocho n'chochokera kwa Mwini swaumuyo, ndipo kuchilandira ndi kumvera.

Mawu amenewa akachokera kwa mdzukulu amatha kuwawa. Tipemphe asheikh amene agogo amawalemekeza kuti abwere adzakhale nawo pansi, adokotala atanena kale mbali yawo. Kenako tisawasiye kunja kwa mwezi. Mbale ya fidya aipereke okha ndi dzanja lawo. Pofutulu akhale nafe pamphasa. Taraweh aswali chokhala ngati kuima kukuwavuta, ndipo ana aziwawerengera Qur'an madzulo.

Allah awapatse makolo athu thanzi, awalandire ibada zawo, ndipo ifenso atipatse kuleza mtima powasamalira. Ameen.