MPATA WA PAKATI PA GUDUMU NDI BULEKI

Aliyense amene anayendapo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo amadziwa kuti dzikoli ndi la zitunda ndi matsitso. Kuchokera ku Bvumbwe, kudutsa pa boma mpaka ku Makwasa, msewu umangokhotakhota. Ukapitirira kulowera ku Muona, umatsetsereka koopsa mpaka kuchigwa cha Shire. Tinjira ta m'maesiteti monga Satemwa, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1923, timaterera chiperoni chikagwa. Kumalo otere moyo wa woyendetsa galimoto uli m'mabuleki.

Bambo anga anali makaniko pagalaja ya esiteti ina m'bomali. Ntchito yao inali yokonza mathirakitala ndi malole onyamula masamba a tiyi, koma Loweruka masana anthu ankabwera ndi magalimoto ao kunyumba kwathu. Ine ndinali wonyamula masipanala ndi wopopa jeke. Ndi pansi pa mtengo wa mapeyala, osati m'kalasi, pamene ndinaphunzira kuti mamilimita atatu angathe kupulumutsa banja lonse.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina, kalaliki wa pafakitale, atagula malimu anayi onyezimira ku Limbe. Anafuna kuti Toyota Hilux yake ioneke bwino. Mabowo a malimuwo anali asanu ndi limodzi, ndipo analowa bwinobwino m'mabawuti. Mkuluyo anamwetulira. Koma bambo atapukusa gudumu lakutsogolo ndi dzanja galimoto ili pajeke, tinamva phokoso: kwee! kwee! Limu inkakhula caliper, chitsulo chimene chimapana disiki dalaivala akaponda buleki.

"Bambo, ingochipalani pang'ono chitsulocho ndi tupa," anatero mkuluyo. "Sichikhula kwambiri ayi."

"Pepani achimwene, zimenezo sindingachite," anayankha bambo. "M'kati mwa chitsulochi mumadutsa mafuta a buleki, ndipo amakankha mwamphamvu. Ndikachichepetsa lero, chidzang'aluka tsiku limene mudzachifune koposa, mukutsika phiri, ana ali kumbuyo."

Atatero anandituma kudambo kukatapa dongo. Analimata pamwamba ndi pambali pa caliper, nabwezeretsa gudumu, nalimanga, nalichotsanso. Dongo linasonyeza zonse. Pamwamba linatsala lochindikala, koma pambali linaphwatalala mpaka chitsulo kuonekera. Apa anatifotokozera kuti limu imakhula buleki m'malo awiri. Ikakhala yaing'ono, mwachitsanzo ya mainchesi 14 pamene pafunika ya 15, mimba yake imagunda pamwamba pa caliper, ndipo mankhwala ake n'kupeza limu yaikulu basi. Koma ikagunda pambali, vuto lili pa kaumbidwe ka nthiti za limuyo ndi pa muyeso wotchedwa offset.

Muyeso umenewu umadindidwa kuseri kwa limu, pambuyo pa zilembo ET, ndipo umawerengedwa m'mamilimita. Umanena kutalika kwa pakati penipeni pa limu ndi nkhope imene imatsamira pagalimoto. Nambala ikakula, gudumu limalowa m'kati, kufupi ndi buleki. Ikachepa, limatulukira kunja. Ambiri pogula amawerenga mabowo okha, osadziwa kuti malimu awiri a mabowo ofanana angasiyane kwambiri pa nambala imeneyi.

Mkuluyo anali atamva za kambale kachitsulo kotchedwa spacer, kamene amakaika kuseri kwa limu kuti gudumu lisendere kunja. Bambo sanakane kuti kambaleko kamathandiza, koma anachenjeza kuti kali ndi mtengo wake. Milimita iliyonse imene kaonjezera imachotsedwa pa mazinga a bawuti. Mabawuti a Hilux ndi a mamilimita 12, ndipo nati iyenera kuzungulira kasanu ndi katatu isanalimbe kuti igwire mokwanira. Tinayesa ndi kambale kobwereka, ndipo nati inalimba itangozungulira kasanu. Gudumu lomangidwa motero lingathe kuguluka m'misewu ya mabampu, ndipo gudumu lotulukira kunja kwambiri limalemetsa mabering'i, n'kumakhulanso madigadi pokhota galimoto italemedwa.

Bambo anaonjeza kuti mpata wotsala usachepere mamilimita atatu, pakuti chitsulo chimafufuma chikatentha, ndipo limu imapindika pang'ono pakona. Tizitsulo timene amamata m'kati mwa limu kuti gudumu lisanjenjemere nato timadya mpata womwewo. M'minda ya tiyi muli mdani winanso: matope ofiira ndi timiyala timene timakanirira pampata wopapatiza n'kumakanda limu ulendo wonse.

Mkuluyo anakhala chete kwa nthawi, akuyang'ana malimu ake. Ndalama zimene anaononga sizinali zochepa kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi. Komabe Lolemba lake anabwerera nawo ku Limbe, atatenga kapepala kamene bambo analembapo kukula kwa limu, mabowo ndi nambala ya offset. Anasinthitsa ndi ena osakongola kwenikweni, koma ozungulira mwakachetechete. Atayenda nawo makilomita pafupifupi 50, anabweranso kudzalimbitsa manati monga anauzidwira.

Masiku ano magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan achuluka m'dziko muno, ndipo malimu a mitundumitundu akugulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda. Anyamata ambiri amasankha ndi maso okha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongoletsa galimoto si tchimo, koma wokongoletsayo ayambe waikweza pajeke, apukuse gudumu ndi dzanja, akhotetse chiongolero uku ndi uku, natchere khutu. Kuyesa kumeneku sikutha ngakhale ola limodzi, ndiponso dongo saligula. Amene wakwera galimoto yako sanaone kuseri kwa gudumu. Wangokhulupirira kuti iwe unayang'anako.