Galu wa Uzimba Amene Angagone Pakhonde

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, kuno ku Elephant Marsh galu wabwino ndimamudziwira pa chinthu chimodzi: ukamuitana ali pa liwiro lothamangitsa nyama, amabwerera?

Njovu zimene David Livingstone anaona muno mu 1859 zinatha kalekale, koma ng'ona zidakalipo. Galu wosamva akatsatira ntchenzi m'mabango mpaka m'mphepete mwa Shire, amathera m'kamwa mwa ng'ona. Akapulumuka, ndi yemweyo amene amagwira mbuzi za eni, iwe n'kukayankha mlandu kwa amfumu, kapena kuluma mwana amene wayandikira mbale yake.

Ine ndimasankha galu wachikuda. Ubweya wake ndi waufupi, amapirira kutentha kwa mu Okutobala kopitirira madigiri 40, ndipo amakhuta mkute ndi mitu ya nsomba. Malipiro a mphunzitsi sangadyetse German Shepherd.

Ndisanatenge kagalu ndimayamba ndaona make. Ngati make amagona phee nkhuku zikudutsa, ana akusewera pambali, kagaluko ndimakatenga. Ndimakalera pakati pa ana ndi kukaphunzitsa kumva dzina lake kakadali kakang'ono. Paja kuwongola mtengo n'poyamba.

Kakakwana miyezi 3, kalandire katemera wa chiwewe, kenako chaka ndi chaka. Chiwewe chikayamba kuoneka mwa munthu sichichizika.

Musaiwalenso kuti kusaka ku Lengwe kapena ku Majete ndi mlandu. Wanga ntchito yake ndi kugwira ntchenzi zodya chimanga kudimba, madzulo n'kudzagona pakhonde pafupi ndi ana.