Mwala umene tinakagula ku Vila Coutinho

Mwezi wa Juni chaka chino tinameta maliro a mayi a kunyumba kwanga. Kunali nkhungu ija ya kuno ku Tsangano, imene imabisa ngakhale khola lili pakhomo pomwepo. Mdzukulu wanga anabwera ndi kapaketi ka malezala kogula pamsika, n'kumang'amba kapepala kamodzikamodzi, munthu aliyense lake. Ena anangowapala pang'ono pachipumi, ati dzuwa lapita, akwere njinga zamoto abwerere ku Ulongwe. Lezala litayamba kundikanda m'mutu misozi inatsika, ndipo anthu anati ndikulira mkazi wanga. Ndinkamuliradi. Koma ndinkaliranso amalume ndi mwala wawo.

Amalume anali mmodzi wa amuna aja ankaoloka malire usiku kukalembetsa Wenela ku Nyasaland, chifukwa kuno ku Tete Wenela sinkalemba anthu. Chimene chinkadikira mwamuna pakhomo chinali chibalo cha Apwitikizi. Pobwera ku Joni anali ndi jekete, bulangeti, ndi lumo lopinda la chigwiriro chakuda, pachitsulo pake atalembapo Sheffield. Malumo osula anthu akwathu analipo, ndipo ankameta ndithu. Koma ili linkayenda pamutu ngati madzi, mwana osalira. Kuyambira pamenepo, tsiku la m'meto likafika m'midzi yathu, ankatuma mnyamata kuti, "Kawaitane eni lumo."

Lumo lotere silinoledwa pathanthwe pamene timanolera nkhwangwa ndi zikwanje. Thanthwe limadya chitsulo, limasiya mano osaoneka ndi maso amene khungu lokha limawamva. Kamwala kamene anabwera nako ku Joni katagwa n'kusweka, amalume anayesa nsangalabwi za kumtsinje, koma zinali zobulungira, lumo osagona bwino. Anakhala miyezi akukana kumeta anthu. Ankati, "Wofedwa wamva kale kuwawa. Ndikamuchekenso m'mutu ine?"

Mu 1961, ndili ndi zaka 13, titatha kupuntha tirigu, anagulitsa mbuzi imodzi n'kundiuza kuti, "Mphwanga, mawa tilawira." Tinagona usiku umodzi m'njira, n'kufika ku Vila Coutinho, kumene lero mukuti Ulongwe. Ine maso anali pa nsapato ndi masiwiti. Iwo analunjika sitolo ina kumene kunali makasu, misomali ndi nyali, n'kupempha miyala yonolera. Mwini sitolo anatulutsa inayi.

Woyamba unali wa mbali ziwiri, kwina kwakuda kokhakhala, kwina kotuwa. Anangoukhudza n'kuukankhira uko. "Uwu ndi wa amisiri a matabwa." Itatu yotsalayo anaitenga umodziumodzi. Ankaugwira ndi zala ziwiri, n'kuugogoda ndi msomali pafupi ndi khutu. Wina unalira "ngwee", wina unangoti "phu". Wa "phu" anati uli ndi mng'alu m'kati, chisanu cha kwathu chidzaumaliza. Pa iwiri yotsalayo anapempha rula yachitsulo, anaigoneka pamwamba pa mwala n'kuunyamula kuloza kukhomo kumene kunkachokera kuwala. Anandiitana. "Suzumira apa. Ukuona kuwala pansi pa rula?" Pa wina kuwala kunkadutsa pakati ngati ulusi. Pa winawo kunali bii.

Sanathere pomwepo. Anadonthezapo madzi n'kudikira kuti aone ngati mwalawo umwa msanga, poti mwala waludzu umakhala wa mchenga waukulu. Anaupala ndi chikhadabo, kenaka anauyendetsa pamlomo wawo wam'munsi, maso ali chitsinzinire. Mwini sitolo anayamba kung'ung'udza kuti tikumuchedwetsa. Amalume anayankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, ndikugula kamodzi." Ndalama ya mbuzi ija inatsala pang'ono, yongokwana mchere ndi sopo wamtanda. Mwala anaukulunga m'mpango n'kundipatsa ine kuti ndiunyamule. Njira yonse yobwerera ndinaufumbata pachifuwa ngati khanda, osayerekeza n'komwe kudumpha mtsinje.

Unali wotuwa mopita kuchikasu, utali wake ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ankausunga m'kabokosi kamene anasema okha, pamwamba pa khoma pamene mwana sangafike. Mpeni wa kukhitchini sunaugunde ngakhale tsiku limodzi. Azakhali atapempha kuti anolereko, panakhala mlandu.

Usiku woti mawa kuli m'meto ankakhala pakhonde ndi chikho cha madzi. Lumo ankaligoneka lonse, msana wake ndi kuthwa kwake zonse zitakhudza mwala, n'kulikankha pang'onopang'ono ngati akufuna kusenda mwalawo. Likafika kumapeto ankalitembenuzira kumsana, osati kokuthwa, n'kulibweza. Sankasindikiza. Ankandiuza kuti, "Kulemera kwa lumo n'kokwana, dzanja lako lingoliperekeza." Madzi aja ankayamba kuda pang'ono, ndipo phokoso linkachepa mpaka kungotsala kakuti "siii". Akatero ankatenga lamba wachikopa cha ng'ombe womangirira pamzati, apa tsono akulikoka chammbuyo, msana patsogolo. Pomaliza ankayesa pa ubweya wa pamkono wanga. Ukagwa wokha lisanakhudze khungu, ankapinda lumo, osanena kanthu.

M'mawa mwake anamfedwa ankakhala pamphasa kuseri kwa siwa. Amalume ankagwira mutu wa munthu ndi dzanja lamanzere, kuunyowetsa ndi madzi ofunda ndi thovu, n'kumeta mpala kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Sankafulumira. Ankalankhula chapansipansi ndi amene akumumetayo: za mbewu yotsala m'nkhokwe, za ana, za amene adzalime munda wa malemu. Ndinaonapo amayi amene sanadye masiku atatu akudzuka pamphasa paja n'kupempha phala. Mutu umodzi unkatenga nthawi yoti mphika wa mbatatesi n'kupsa, ndipo panalibe wodandaula.

Nkhondo itafika m'midzi yathu mu 1986 tinathawa usiku, aliyense ndi chimene manja anagwira. Amalume anaika lumo m'thumba la jekete, koma mwala anaukwirira patsinde pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Tinakakhala kwa abale ku Ntcheu, pafupi pomwepa, mapiri akwathu tikuwaona tsiku ndi tsiku. Lumo lija analisinthanitsa ndi ufa chaka cha njala, 1992. Chaka chomwecho, mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 Okutobala, amalume anatisiya. Munthu amene anameta midzi yonse ija, pa m'meto wake tinagawana malezala awiri obuntha, ndipo ine ndinatuluka magazi m'mutu.

Titabwerera mu 1993 nyumba kunalibe, koma pichesi analipo. Ndinakumba ndi manja. Kabokosi kanali katadyedwa ndi chiswe, mwala uli bwinobwino. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinkaganiza kuti ndidzagula lumo lina. Koma zaka zomwezo Edzi inayamba kutitha, ndipo azaumoyo anatiphunzitsa kuti chitsulo chimodzi chisayende pamitu ya anthu ambiri. Ananena zoona, ndipo ine ndinaika ana anga awiri m'manda, sindingatsutse. Chimene chimandiwawa n'chakuti pamodzi ndi lumo tinatayanso kufatsa kuja, dzanja lofunda logwira mutu wa wofedwa, ndi mawu apansipansi aja.

Mwalawo ndinaubwereketsa kamodzi kokha, ndili chigonere kuchipatala. Anyamata ankanolera mazenga odulira tirigu, ndipo unabwerako uli ndi chigwa pakati. Usiku wa m'meto wa mkazi wanga, anthu atabalalika, ndinautulutsa pansi pa bedi. Ndinadonthezapo madzi, ndinauyendetsa pamlomo. M'mphepete mwake, pamene zenga silinafike, ukadali wosalala monga tsiku lija ku Vila Coutinho.