Kuonda kunandivuta chifukwa cha pakamwa pa anthu

Ndimagula mbewu pa Nsaru. Soya, mtedza, chimanga, zonse zimene alimi amabweretsa pa ngolo kapena pa njinga zimadutsa pa sikelo yanga. Matumba amanyamula ndi anyamata, ine yanga ndi kuwerenga ndalama nditakhala pa mpando. Bizinesi itayamba kuyenda ndinagula njinga yamoto, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale kuchigayo sindinkapitanso wapansi. M'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, masana chipisi cha pachiwaya ndi kanyenya, kutsitsira Fanta, madzulo nsima ya ufa woyera mitanda yosawerenga. Mimba itatuluka anthu anayamba kunditchula kuti bwana. Ndisaname, zinkandikomera.

Chimene chinandipititsa ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi mutu wosatha ndi befu pokwera kamtunda kochepa. Anandipeza ndi BP yokwera, shuganso ali pafupi kupitirira. Anandiuza kuti matendawa si a anthu a m'tauni okha: kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti pa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa. Anandipatsa mapiritsi ndi malangizo: mchere usapitirire kasupuni kakang'ono kamodzi patsiku, thupi ligwire ntchito mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo ndichepetse thupi.

Za chakudya sizinandivute monga ndinkaopera. Tinasinthira ku mgaiwa, umene umakhalitsa m'mimba, mitanda iwiri basi, mbale n'kudzaza bonongwe, chisoso kapena nkhwani, nyemba ndi usipa. Fanta ndinasiya. Thobwa ndiye linandinyenga kwa nthawi, poganiza kuti chakumudzi sichinenepetsa, chonsecho mayi a kunyumba amathiramo shuga wochuluka ndithu. M'bandakucha ndinkayenda mumsewu wa fumbi mpaka thukuta.

Lamba atayamba kukhwepa ndi pamene mavuto enieni anafika. Kuno munthu saonda mwadala. Amene anaona maliro a zaka za m'ma 1990, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, akaona bambo wamkulu akutha thupi maganizo awo amathamangira kumodzi. Azimayi pamjigo anayamba kumuyang'ana mkazi wanga ndi maso achisoni. Alimi ena amene ankandisiyira soya kuti ndidzawalipire mawa anayamba kufuna ndalama pompopompo, ati bizinesi yagwa, onani mwiniwake wafota. Ena ankati zokhwimira zandibwerera. Mayi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa: "Mwananga, ukudwala chiyani? Usandibisire, ndine mayi ako."

Apa ndi pamene ndinagwa. Si njala imene inandibwezera pachiwaya, koma manyazi. Ndinkadya dala pagulu kuti anthu aone kuti ndili bwinobwino. Pa ukwati ndi pa maliro, pomwe kukana chakudya n'kunyoza eni ake, ndinkalandira mbale iliyonse. Mapiritsi ndinayamba kudumphitsa. Thupi linabwerera msanga kuposa momwe linachokera, ulemu unabwerera nalo limodzi, mutu uja nawonso unabwerera. Tsiku lina ndinachita chizungulire pa njinga yamoto n'kugwera m'mizere ya fodya. Mwamwayi panalibe galimoto kumbuyo.

Poyambiranso sindinachite mobisa ayi. Ine ndi mkazi wanga tinakayezetsa magazi, zotsatira n'kukawauza mayi, osati chifukwa kukhala ndi kachilombo n'chamanyazi, koma kuti mtima wawo ukhale pansi. Buku langa lakuchipatala ndinaliwonetsa kwa alimi amene ndimagwira nawo ntchito kwambiri, ndipo mmodzi mwa iwo atakayezetsa anapezeka kuti BP yake ndi yokwera kuposa yanga, pomwe ndi munthu wowonda. Pa mwambo ndimalandira chakudya ndi manja awiri, ndimadya mtanda umodzi, kenako ndimasamba m'manja msanga anthu asanawonjezere.

Nthawi ya dzinja matope amandilepheretsa kuyenda, ndiye ndimatenga khasu kukapalira ndekha m'munda mwanga m'malo molemba aganyu onse. Mayi mpaka lero sanagwirizane nazo. Akatitumizira ufa amatumiza woyera, ndi uthenga kwa mpongozi wawo wakuti mwana wawo asamadye za osauka.